Maloko a netiweki yanu ali kale mu rauta

Mayi wina amene ali ndi shopu yosindikizira ndi kufotokopa mapepala pa boma pa Kasungu anandiimbira foni mwezi wa Meyi, nyengo imene fodya ali pa msika ndipo alimi amadzazana pa kauntala ndi zitupa zawo ndi makalata a makalabu. Nditafika, moni sunatalike. "Achimwene, bandulo imene ndimagula kuti indifikitse kumapeto kwa mwezi ikumatha sabata yachiwiri. Kodi akampaniwa sakundibera?"

Rauta yawo, chipangizo chogawa intaneti pa Wi-Fi, inali pamwamba pa shelefu, pakati pa mabokosi a mapepala, kabokosi koyera kolowetsa simu khadi, fumbi lili mbuu. Ndinaitsitsa n'kuitembenuza. Kunsi kwake kunali kapepala komata kochokera ku fakitale, ndipo pa kapepalako panalembedwa zonse: dzina la Wi-Fi, pasiwedi yake, adiresi yolowera m'kati mwa rautayo, ndi mawu akuti admin kawiri. Ndinalemba adiresiyo pa laputopu yanga, admin pamwamba, admin pansi, chitseko n'kutseguka. Pa tsamba loonetsa zipangizo zolumikizidwa panali mayina 19. M'shopumo tinalimo anthu anayi.

Akampani sanawabere kalikonse. Bandulo inkathera m'mafoni a anyamata a pa siteji ya njinga zamoto ndi a m'magolosale oyandikana nawo. Koma ine mtima sunali pa bandulo. Pa netiweki yomweyo panali kompyuta imene mtsikana wogwira ntchito m'shopumo amasungiramo chilichonse chimene kasitomala wabweretsa kuti chisindikizidwe: zithunzi za ziphaso za unzika, masatifiketi a MSCE, makalata ofunsira ntchito, mapepala a ku banki. Foda yake inali yotsegukira aliyense wa pa netiweki, kuti laputopu ya mayiwo izitengamo mafayilo mosavuta. Mwini foni iliyonse yachilendo ija akanafuna, akanakopera zonsezo ali khale pa njinga yake panja.

Zotsekera netiweki ya shopu, ya sukulu, ya ofesi ya kopaletivi kapena ya pakhomo zili kale mu rauta imene munagula. Chimene chimasowa ndi munthu woti alowe m'katimo, amvetse kuti chilichonse mwa zotsekerazo chikuteteza khomo liti, kenako atseke. Ndipo zimenezi zimaphunzirika.

Rauta imaima pa malire. Ili ndi mbali ziwiri: ya kunja, yoyang'ana ku intaneti, imene pa masamba ake imalembedwa WAN, ndi ya m'kati, yoyang'ana mafoni ndi makompyuta anu, yolembedwa LAN. Chilichonse chimene mumatumiza, kaya ndi uthenga wa pa WhatsApp kaya ndi fomu ya ku banki, chimadulidwa m'timaphukusi ting'onoting'ono, ndipo kaphukusi kalikonse kamanyamula adiresi ya kumene kachokera ndi ya kumene kakupita. Totuluka ndi tolowa tomwe timadutsa pa rauta. Amene anawolokapo pa boda ya Mchinji popita ku Chipata akudziwa mmene zimakhalira: msewu ndi umodzi, aliyense amaima pa geti. Wolamulira getilo ndiye amanena amene alowe, amene abwerere, ndi katundu amene adutse.

N'chifukwa chake poyambira si pa pasiwedi ya Wi-Fi, ngakhale ndi imene anthu ambiri amaidziwa. Rauta ili ndi mapasiwedi awiri. Ya Wi-Fi imakulowetsani pa bwalo. Ya admin imakupatsani makiyi a nyumba yonse: amene ali nayo angathe kusintha pasiwedi ya Wi-Fi, kutsegula makomo olowera kuchokera kunja, ngakhale kusocheretsa aliyense wofuna tsamba la banki kuti akafike pa tsamba labodza. Tsamba la admin mumalipeza polemba adiresi ya rauta pamene mumalemba dzina la webusaiti. Marauta ambiri amakhala pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, a Huawei olowetsa simu khadi pa 192.168.8.1, a MikroTik pa 192.168.88.1. Maadiresi amenewa si chinsinsi, ndipo mapasiwedi a ku fakitale nawonso ali m'timabuku timene aliyense angatipeze pa intaneti.

Wina angaganize kuti akuba a pa intaneti alibe nthawi ndi kashopu ka ku Kasungu. Vuto ndi loti si munthu amene amasankha kogogoda, ndi pulogalamu, ndipo pulogalamu siidziwa kusiyana kwa Kasungu ndi London. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inkayendayenda pa intaneti ikugogoda pa marauta ndi makamera, ikuyesa mayina ndi mapasiwedi a ku fakitale pafupifupi 60 okha. Ndi timakiyi tochepa timeneti inagwira zipangizo mazana a masauzande, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho zipangizozo zinaunjikizidwa pa kampani ya Dyn, imene inkalozera anthu njira yofikira mawebusaiti akuluakulu, mpaka anthu ambiri ku America analephera kutsegula Twitter ndi Netflix. Eni ake a marautawo sankadziwa n'komwe kuti zipangizo zawo zili ku nkhondo.

Mukalowa pa tsamba la admin, sinthani pasiwediyo nthawi yomweyo, ndipo isafanane ndi ya Wi-Fi. Kenako funani pamene palembedwa Remote Management kapena mawu ofanana nawo, n'kuzimitsa. Ichi ndi chilolezo choti munthu wa kunja, kulikonse pa dziko lapansi, aone tsamba la admin. Ngati rauta yanu ili ndi Telnet, njira yakale yolamulira rauta uli patali, izimitseninso, chifukwa Telnet imatumiza pasiwedi poyera, osaibisa. Amene akufunikadi kulamula rauta polemba malamulo agwiritse ntchito SSH, imene imabisa pasiwediyo. Amisiri anzanga amene amakonda MikroTik, rauta ya ku Latvia imene ili m'malo ogona alendo ndi m'maofesi ambiri, akumbukire za mu 2018, pamene mu Winbox, pulogalamu yolamulira rautayo, munapezeka chiboo cholola munthu kuwerenga mapasiwedi a rauta osalowa n'komwe. Kampaniyo inatseka chiboocho mwezi wa Epulo chaka chomwecho, koma marauta masauzande ambiri amene eni ake anasiya khomo la Winbox, nambala 8291, lotsegukira kunja, ndiponso sanaike pulogalamu yatsopano, anagwidwabe patapita miyezi.

Tsopano tibwere pa Wi-Fi. Uthenga wa Wi-Fi umayenda m'mphepo, sulemekeza khoma, ndiye aliyense wokhala pafupi angautole. Chimene chimautchinjiriza ndi kuubisa m'masamu kuti wotolayo asamve kanthu. Njira yoyamba yobisira, WEP, inathyoledwa ndi akatswiri mu 2001, ndipo lero imatseguka m'mphindi zochepa. M'malo mwake munabwera WPA mu 2003, WPA2 mu 2004, ndi WPA3 mu 2018. Pa tsamba la Wi-Fi sankhani WPA3 ngati zipangizo zanu zonse zikuidziwa. Ngati muli ndi mafoni akale, sankhani WPA2 yokhala ndi kabisidwe kolimba ka AES, osati kofooka ka TKIP. Rauta imene ikungodziwa WEP yokha yatha ntchito.

Koma WPA2 ili ndi pofooka pamene ndimafuna aliyense apamvetse bwino, chifukwa ndi pamene ife kuno timagwera. Foni yanu ikamalumikizana ndi rauta, ziwirizi zimapatsana mauthenga anayi otsimikizirana kuti zonse zikudziwa pasiwedi. Pasiwediyo payokha siidutsa m'mphepo, koma munthu amene watola mauthenga amenewa angapite nawo kwawo n'kumayesa mapasiwedi mmodzimmodzi pa kompyuta yake, rauta yanu osadziwa kanthu. Nanga ife timakonda kuika chiyani? Nambala ya foni. Nambala za kuno zili ndi manambala 10, ndipo atatu oyambirira amadziwika kale, monga 099 kapena 088. Otsala ndi 7, kutanthauza zoyesa 10,000,000 pa chiyambi chilichonse. Kwa munthu ndi zambiri, koma kompyuta wamba imazimaliza m'maola ochepa, yamphamvu m'mphindi zochepa. Dzina la shopu lotsatizidwa ndi chaka nalonso silichedwa. WPA2 imalola pasiwedi ya zilembo kuyambira 8 mpaka 63, ndipo mphamvu yake ili pa kutalika. Tengani mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, monga chigayo, mphonje, nthiwatiwa ndi mbaula, muwalumikize, muikepo nambala pakati. Amakumbukika mosavuta, koma kompyuta yoyesa ingakalambe isanawapeze. WPA3 inakonza pofooka pamenepa: wofuna kuyesa pasiwedi ayenera kufunsa rauta yeniyeniyo ulendo uliwonse, sangapite nayo ntchitoyo kunyumba.

Pali kabatani kena kolembedwa WPS, kamene anakapanga kuti anthu azilumikiza pulinta osalemba pasiwedi. Kumbuyo kwake kuli nambala yachinsinsi ya manambala 8. Powerengera wamba, zoyesa zikanakhala 100,000,000. Koma mu Disembala 2011 Stefan Viehböck anaonetsa kuti rauta imayankha za manambala anayi oyamba paokha, kenako za otsalawo, ndipo nambala yomaliza imangochokera pa masamu a anzake asanu ndi awiri aja. Ndiye zoyesa zimatsika kufika 10,000 kuphatikiza 1,000, zonse pamodzi 11,000 basi. Akaipeza nambalayo, rauta imapereka yokha pasiwedi ya Wi-Fi, kaya ndi yaitali bwanji. Zimitsani WPS.

Komabe ku shopu kuja palibe anathyola chilichonse. Nditafunsa, mnyamata wothandiza pa kauntala anavomera mwaulemu kuti anapatsa mnzake mmodzi yekha. Mafoni a Android a masiku ano amaonetsa pasiwedi ya Wi-Fi ngati kachithunzi ka QR, mnzako n'kungojambula, nayenso n'kuonetsa wina. Pasiwedi yolimba chotani siingathetse zimenezi, ndipo kunena zoona, kwathu kuno kumana mnzako Wi-Fi n'kovuta ngati kumumana madzi akumwa. Yankho si kuuma mtima, ndi kulekanitsa. Marauta ambiri ali ndi Guest Network, netiweki ya alendo, yokhala ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Mlendo amafika pa intaneti koma saona kompyuta ya mu ofesi, monga mlendo wolandiridwa pa khonde amene sadziwa za kuchipinda. Mukaiyatsa, onetsetsani kuti chilolezo choti alendo afike pa netiweki ya m'kati n'chozimitsa, yatsani AP Isolation kuti mafoni a alendo asaonane okhaokha, ndipo ngati rauta ikulola, ikani malire a liwiro kuti mmodzi wotsitsa mafilimu asamalize bandulo ya onse. M'malo akuluakulu, monga sukulu yokhala ndi chipinda cha makompyuta, ntchito yomweyi imachitika ndi ma VLAN: chingwe ndi switch (kabokosi kolumikiza makompyuta) n'zomwezo, koma ophunzira, aphunzitsi ndi ofesi ya ndalama aliyense ali mu mpanda wake.

Ziwiri zimene anthu amazidalira kwambiri, ine sindizipatsa ulemu waukulu. Kubisa dzina la Wi-Fi sikubisa netiweki, chifukwa dzinalo limaonekabe m'mphepo nthawi iliyonse imene foni ikulumikizana. Kusefa zipangizo ndi adiresi ya MAC, nambala yodziwira chipangizo chilichonse pa netiweki, kumathandiza kuchotsa foni ya mnansi wosadziwa zambiri, koma adiresi imeneyi imakopereka, ndipo kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14 mafoni amadzipangira okha adiresi yongopeka pa netiweki iliyonse. Zigwiritseni ntchito ngati mukufuna, koma musagonere pamenepo.

Pamene kuphunzira kwenikweni kumayambira ndi pa firewall. Ameneyu ndi mlonda wa pa geti amene wapatsidwa pepala la malamulo. Kaphukusi kalikonse kakafika, amayang'ana kumene kachokera, kumene kakupita, ndi khomo limene kakufuna. Makomo amenewa, ma port, ali ndi manambala: 80 ndi 443 ndi a mawebusaiti, 22 ndi la SSH, 23 la Telnet, 53 la DNS, buku la maadiresi a pa intaneti. Mlonda wabwino amakumbukiranso. Ngati foni ya m'kati ndi imene inayamba kufunsa tsamba, yankho likamabwera amalizindikira n'kulilowetsa. Koma wa kunja amene wangobwera osaitanidwa amabwezedwa. Marauta a m'nyumba amachita zimenezi okha, bola musazimitse. Pa marauta a Cisco ndi MikroTik malamulo mumalemba nokha, ndipo apa pali mfundo imodzi imene ophunzira ambiri amapunthwa nayo: mlonda amawerenga pepala kuchokera pamwamba, ndipo akapeza lamulo loyamba logwirizana ndi kaphukusiko, amalitsata n'kusiya kuwerenga.

Tiyerekeze sukulu ya sekondale imene makompyuta a ophunzira ali pa maadiresi oyamba ndi 192.168.20, a ofesi pa oyamba ndi 192.168.10. Mukufuna ophunzira afike pa intaneti koma asafike pa kompyuta yosunga mayeso. Lamulo loyamba: lolani mayankho a zokambirana zimene zinayambika kale. Lachiwiri: kanizani chilichonse chochokera ku 20 chopita ku 10. Lachitatu: lolani a ku 20 apite kwina kulikonse. Mukasinthanitsa lachiwiri ndi lachitatu, mawu onse ali momwemo, palibe chilembo chalakwika, koma wophunzira wopita ku ofesi adzagwirizana ndi lamulo lomulola poyamba, ndipo lomukaniza silidzawerengedwa n'komwe. Muyeneranso kudziwa chimene mlonda wanu amachita pepala likatha osapeza lamulo. Mndandanda wa malamulo wa Cisco, wotchedwa ACL, umathera ndi kukaniza kosalembedwa: chimene simunalole chakanidwa. MikroTik imachita mosiyana: chimene simunakanize chimadutsa, ndiye lamulo lomaliza lokaniza zonse zotsala mumalemba ndi dzanja lanu. Pa MikroTik kumbukiraninso kuti malamulo a input amateteza rauta yeniyeniyo, pamene a forward ndi a zimene zikungodutsa. Ambiri amalimbitsa limodzi n'kuiwala linzake.

Lamulo lomaliza lokaniza zonse lija linandiphunzitsa ndi thukuta. Tsiku lina madzulo ndinkakonza rauta ya ofesi ina ya ku Santhe ndili kunyumba pa boma. Ndinalemba lokaniza ndisanalembe londilola ineyo, ndipo nditangodina, rauta inanditsekera kunja. M'mawa mwake ndinakwera minibasi ndi laputopu ndi chingwe m'chikwama, ndipo anthu a mu ofesimo anadikira mpaka masana kuti atumize malipoti awo. Kuyambira tsiku limenelo sindikhudza firewall ya MikroTik ndisanayatse Safe Mode, imene imabweza zonse zimene mwasintha ngati kulumikizana kwaduka. Pa Cisco ndimayamba ndi kulamula rauta kuti idziyatsenso yokha pakatha mphindi 10, ndipo sindisunga zosinthazo mpaka nditaona kuti ndikadali m'kati.

Makamera a CCTV afala m'mashopu ndi m'malo ogulira mbewu, ndipo mwini wake amafuna kuona katundu wake pa foni ali ku Lilongwe. Njira yachidule ndi port forwarding, kuboola khomo pa rauta kuti wa kunja afike pa kamera mwachindunji. Khomo limenelo limaonekera kwa onse ogogoda, osati kwa mwini yekha. Palinso UPnP, imene imalola chipangizo chilichonse cha m'kati kudzibowolera khomo osapempha. Ngati simukuifuna pa chifukwa chodziwika, izimitseni. Njira yabwino ndi VPN: khomo limodzi lokha, lotseguka kwa amene ali ndi kiyi wake, ndipo akalowa amakhala ngati ali m'shopu momwemo. MikroTik ili ndi VPN yotchedwa WireGuard kuyambira pa RouterOS 7, ndipo marauta ena atsopano ali nayonso. Amene intaneti yawo imadzera pa simu khadi kawirikawiri amagawana adiresi ya kunja ndi makasitomala ena ambiri, zimene zimachepetsa ogogoda ochokera kunja, koma siziteteza ku foni yachilendo imene ili kale m'kati.

Pa tsamba la WAN muonanso pamene palembedwa DNS. Limeneli ndi buku la maadiresi: mukalemba dzina la banki, DNS ndi imene imanena nambala ya kompyuta ya bankiyo. Wakuba akalowa mu rauta, nthawi zambiri sasintha china chilichonse koma apa pokha, ndipo zonse zimaoneka ngati zili bwinobwino. Ku Brazil mu 2018 marauta oposa 100,000 anasinthidwa motere kuti anthu azifika pa masamba abodza a mabanki. Muziyang'ana kuti manambala ali pamenepo ndi a kampani yanu ya intaneti kapena amene munaika nokha. Mungasankhenso DNS yosefa: 9.9.9.9 ya Quad9 imakana masamba odziwika kuti ndi oopsa, ndipo 1.1.1.3 ya Cloudflare imakananso masamba olaula, zimene akuluakulu a sukulu ndi makolo amaziyamikira.

Rauta nayo ndi kompyuta, ndipo pulogalamu yoiyendetsa, firmware, imapezeka ndi ziboo. Mu 2017 Mathy Vanhoef wa ku Belgium anapeza pofooka mu WPA2 imene aliyense ankaidalira, ndipo mu 2018 pulogalamu yoipa ya VPNFilter inagwira zipangizo pafupifupi 500,000 m'mayiko 54. Mankhwala ake ndi firmware yatsopano yochokera pa webusaiti ya kampani imene inapanga rautayo, osati pa ulalo umene wina wakutumizirani pa gulu la WhatsApp. Chenjezo langa kwa ife a kuno ndi la magetsi: akazima firmware ili pakati polowa, rauta ingafe osadzukanso. Ilumikizeni ku batire kapena ku sola musanayambe. Mukamaliza kukonza zonse, sungani fayilo ya makonzedwe anu pa fulashi, chifukwa kumbuyo kwa rauta kuli kabowo ka reset kamene aliyense wokhala ndi chotokosera m'mano angafafanizire ntchito yanu yonse. N'chifukwa chakenso rauta siyenera kukhala pa kauntala pamene kasitomala aliyense angaitembenuze monga ndinachitira ine.

Wachinyamata wofuna kuphunzira ntchitoyi asadikire labu. Packet Tracer, pulogalamu ya Cisco yomangira netiweki yongoyerekeza pa laputopu, imapezeka mwaulere kwa olembetsa ku Cisco Networking Academy, ndipo m'menemo mungalembe ma ACL, kulakwitsa, n'kuyambiranso popanda wina kudandaula. Rauta yakale yogula kwa okonza mafoni ndi mphunzitsi wabwino kuposa pamenepo. Lembani lamulo, kenako liyeseni: lowani pa netiweki ya alendo ndi foni, muyese kufika pa tsamba la admin, muyese kuona pulinta. Pulogalamu ya Nmap idzakuuzani makomo amene ali otsegula. Zolowereni kuwerenga log, buku limene rauta imalembamo zochitika, ndipo konzani wotchi yake kuti izitenga nthawi pa intaneti, chifukwa log yosonyeza tsiku lolakwika siithandiza pofufuza. Zonsezi muzichite pa netiweki yanu kapena imene mwini wake wakulolani. Lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limati kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo la mu 2024 la Data Protection Act limapereka udindo kwa osunga mbiri za anthu kuti azizisamala, nkhani imene imakhudza ngakhale shopu yofotokopa zitupa.

Ku shopu kuja tinatha ola limodzi ndi theka. Pasiwedi ya admin mayiwo anailemba kumapeto kwa buku lawo la ngongole, limene limagona mu dirowa yokiya. Kompyuta yosunga mafayilo ndi pulinta tinazilumikiza ndi zingwe, foda ija tinaiika pasiwedi, ndipo mtsikana uja anayamba kufufuta ziphaso za makasitomala akangomaliza kusindikiza. Anyamata a pa siteji sitinawathamangitse. Mayiwo anati, "Amenewa ndi amene amandibweretsera makasitomala, achimwene, asiyireni pang'ono." Ndiye tinawatsegulira netiweki ya alendo yokhala ndi malire a liwiro, pasiwedi yake n'kuilemba pa kakatoni ka pa kauntala kamene amakasintha Lolemba lililonse. Rauta tinaikhomera pa khoma kuseri kwa kauntala, pamwamba pa kalendala, kapepala ka ku fakitale kaja titakamatula.